Madzi a m'mpopi ndi zithunzi za malungo

## Pulogalamu yonama

Kumayambiriro kwa 2024 tinalandira mnyamata wa masters mu labu yathu. Tsiku lina masana anandipeza pa sinki ndikutsuka masilaidi, iye atanyamula laputopu yotsegula.

"Asisi, tabwerani muone. Chinthuchi chikundinamiza."

Ntchito yake inali yophunzitsa kompyuta kuzindikira selo lofiira la magazi lomwe lalowedwa ndi kachilombo ka malungo. Anayambira pomwe ambiri amayambira, pa zithunzi 27,558 za maselo zimene National Library of Medicine ya ku America inaika poyera kuti aliyense atenge. Theka ndi maselo odwala, theka abwinobwino. Magaziwo anachokera kwa odwala a pa Chittagong Medical College Hospital ku Bangladesh, ndipo anawajambula ndi foni yomangirira pa maikulosikopu. Pa zithunzi zimenezo pulogalamu yake inkakhoza moti iye mwini ankayenda mothimbwidzika.

Atayipatsa zithunzi zathu za kuno ku Lusaka, zinthu zinasokonekera. Kusokonekera kwake kunali kwachilendo. M'mafoda ena inkagwirizana ndi zimene maso anga ankaona. M'mafoda ena inkati pafupifupi selo lililonse ndi lodwala, moti munthu wa magazi oterowo sakanafika n'komwe pa chipatala ndi miyendo yake. Mnyamatayo anali atasintha zonse zomwe akanatha kusintha m'pulogalamumo, usiku ndi usiku, koma mafoda omwewo ankakanabe.

Ine sindine katswiri wa zolemba mapulogalamu. Ntchito yanga ndi magazi, utoto ndi mandala. Ndinayang'ana zithunzi zokanazo ndipo chimene ndinaona n'chakuti zinali zobiriwira kuposa zinzake, maselo ake otuwa m'malo mofiirira, ndi timadontho takuda tomwazikana apa ndi apo. Chifukwa chake sindinachidziwe. Zithunzizo zinajambulidwa ine ndisanayambe ntchito pamalopo.

## Disiki ya m'dilowa

Zithunzizo zinali pa hard disk yomwe inkakhala m'dilowa limodzi ndi mabatire akale ndi makiyi a zitseko zomwe zinasinthidwa kale. Amene anazijambula ndi bambo wina wachikulire, wochokera kwathu kum'mawa, yemwe anawerenga masilaidi a malungo zaka zambiri mpaka anapuma pa ntchito. Silaidi ikamuvuta, kapena ikasankhidwa kuti munthu wachiwiri aionenso, ankaijambula ndi kamera ya pa maikulosikopu. Zithunzi zinachuluka kufika zikwi zingapo.

Mayina ake ndi aja mukuwadziwa: IMG_0412, IMG_0413, mpakana. Kamera ikafika kumapeto kwa manambala inkayambiranso, choncho panali ma IMG_0412 angapo osagwirizana. Mafoda anali ndi mayina monga "new", "new 2", "zabwino", "osafufuta". Zina zinali TIFF, zina JPEG, ndipo zina zinkaoneka kuti zinadutsa pa WhatsApp, chifukwa zinali zazing'ono ndipo ukazikulitsa m'mphepete mwa selo munkaoneka timabokosi.

Ndikudziwa kuti labu iliyonse mu Lusaka muno, ndi ku Ndola komwe, ili ndi disiki yotere. Ena ali nayo pa flash yomangirira ku makiyi a nyumba.

Mnyamatayo anati tingotaya mafoda ovutawo, zotsalazo zikwana. Ndinakana. Ukataya zomwe sukuzimvetsa, umatsala ndi pulogalamu yomwe imakhoza pa zithunzi zomwe wasankha wekha, ndipo ku kiliniki ya ku Mtendere kapena ku Chawama palibe amene adzakusankhire silaidi yokongola. Ndinafunsa nambala ya bambo aja kwa anzanga akale. Ndinamva kuti akukhala ku Chilenje.

## Ku Chilenje

Tinapita Loweruka. Tinawapeza pa khonde akumvera wailesi, atavala magalasi aakulu okhuthala. Atatilonjera, n'kufunsa za kwathu ndi za mvula yomwe inakana chaka chimenecho, amayi a m'nyumbamo anatibweretsera tiyi. Mnyamatayo anali akugwiragwira chikwama cha laputopu, koma ndinamutsina kuti adikire. Nkhani siyamba tiyi asanathe.

Kenaka anatsegula. Anayamba kufotokoza za pulogalamu yake ndi mawu aatali a kusukulu. Bambowo anamumvera pang'ono, n'kukweza dzanja.

"Mwana wanga, ndionetse chithunzicho."

Anaweramira pa sikirini, n'kuchotsa magalasi, n'kuwavalanso. Sipanapite nthawi.

"Ichi ndi cha madzi a m'mpopi."

Tinayang'anizana.

"Amayi," anatembenukira kwa ine, "inu mumasungunula utoto wa Giemsa ndi chiyani?"

"Ndi madzi a buffer, bambo. A pH 7.2." Buffer ndi mankhwala oletsa madzi kupendekera ku asidi kapena ku alkaline, ndipo pH ndi muyeso wa kupendekerako.

"Eya. Nanga mapiritsi a buffer akatha, makina otcheza madzi n'kuwonongeka, odwala ali pamzere panja, mumawauza kuti abwere mwezi wamawa?"

Anaitana mdzukulu wawo kuti abweretse ketulo ya kukhitchini. Anaitsegula n'kutionetsa pansi pake. Munali chikhungwa choyera chokhuthala, choti ukachikanda ndi chikhadabo chimagumuka.

"Lusaka wakhala pa mwala wa laimu. Madzi a m'zitsime zathu amadutsa mmenemo. Giemsa sakonda zimenezo. Madzi akapendekera ku alkaline, silaidi imatuluka yobiriwira, maselo ofiira amatuwa. Akapendekera ku asidi, zonse zimafiira, ndipo thupi la kachilombo silioneka bwino. Timadontho takudato ndi utoto womwe unagwirana. Diso lozolowera limadziwa kuti kadontho kopanda thupi lobiriwira pambali pake si kachilombo. Makina ako unawauza zimenezo?"

Mnyamatayo anapukusa mutu.

Bambowo analowa m'nyumba. Tinamva akukoka sutikesi pansi pa bedi. Anatuluka ndi mabuku atatu achikuto cholimba chakuda, aja ogulitsa m'masitolo a zolembera m'tauni, ofiira kumsana. M'kati munali mizere yojambula ndi rula, ndi zolemba za bolopeni zazing'ono zoongoka. Tsiku. Nambala ya silaidi. Chithunzi choyamba ndi chomaliza cha silaidiyo. Yopyapyala kapena yokhuthala, kutengera momwe magazi anapakidwira. Mandala omwe anagwiritsa ntchito. Utoto wa 10 peresenti wa mphindi 10, kapena wa 3 peresenti wa mphindi 45. Zomwe anawerenga. Ndipo kumapeto kwenikweni kunali kamzere kopapatiza kopanda mutu, momwe nthawi zambiri munali B wa buffer, koma masamba ena munali T wa tap, madzi a m'mpopi, yekhayekha kutsika mpaka pansi.

Mnyamatayo anatsegula mndandanda wa mafoda ake okana. Bambowo ankawerenga masiku a T, iye n'kumayang'ana masiku a mafayilo. Foda yoyamba inagwera pa T. Yachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa yachinayi mnyamatayo anasiya kuyankha, anangogwira pakamwa.

Panatsala mafoda ena okana omwe anali a B. Bambowo anatembenuza masamba mpaka anapeza pomwe analemba modutsa tsamba lonse ndi inki yofiira: kamera yatsopano. Kuyambira tsiku limenelo selo lomwelo, pa mandala omwewo a 100, linkatuluka lalikulu kwambiri pa chithunzi. Pulogalamu inkadula maselo poganiza kuti onse ndi a msinkhu umodzi, ndiye inkadula pakati.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanawasiye mabukuwo ku labu.

"Ndinafunsa kuti ndiwapatse ndani. Anandiuza kuti zonse zili pa kompyuta."

Anatibwereka mabukuwo titalonjeza kuti tikawajambula tidzawabweza, ndipo anatiperekeza mpaka pa siteji ya basi.

## Zomwe chithunzi chimanyamula

M'basi yobwerera m'tauni ndinkaganiza za chinthu chimodzi. Zonse zomwe bambowo analemba pamanja, makina amasiku ano amalemba okha mbali yake yaikulu, koma ife timazitaya ndi manja athu.

Maikulosikopu ya Zeiss imasunga fayilo ya .czi, ya Leica .lif, ya Nikon .nd2. M'fayilo yotere simukhala chithunzi chokha. Mumakhala mandala omwe anagwiritsidwa ntchito, nthawi yomwe kamera inatsegukira kuwala, ndiponso chofunika kwambiri, kukula kwa pixel imodzi, kadontho kamodzi ka chithunzi, mu ma micron (milimita imodzi ndi ma micron 1,000). Vuto n'lakuti kampani iliyonse ili ndi kalembedwe kake, ndipo pulogalamu yotsegulira nthawi zambiri imakhala pa kompyuta imodzi yokha, ija yoyandikana ndi maikulosikopu. Wophunzira akafuna kukagwira ntchito ku hostel amadina "export", n'kutenga JPEG. Pamenepo kukula kwa pixel kwapita. Ngati chithunzi chinali cha 16-bit, chokhoza kusiyanitsa milingo ya kuwala 65,536, chimatsala ndi milingo 256. JPEG imafinyanso chithunzi potaya tinthu tomwe imaganiza kuti diso silingaone, ndipo kachilombo ka malungo kakadali kamphete, kukula kwake micron imodzi kapena awiri, ndi kamodzi mwa tinthu totero. Mukachitumizanso pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, osati ngati document, chimafinyidwa kachiwiri.

Mankhwala a vuto la mafayilowa alipo, ndipo ndi aulere. Dzina lake ndi Bio-Formats, ndipo imatsegula mitundu ya mafayilo yoposa 150 pamodzi ndi mbiri yake yonse. Imabwera kale m'kati mwa Fiji, yomwe ndi ImageJ, pulogalamu yoonera ndi kuyezera zithunzi, yoikidwiratu zida zambiri. ImageJ yo anailemba Wayne Rasband ku National Institutes of Health mu 1997, kulowa m'malo mwa NIH Image ya mu 1987, ndipo mpaka lero imayenda pa laputopu yotopa ya wophunzira popanda kulipira ngwee. Ndimadabwa kuti pali ophunzira omaliza digiri ya za labu asanaitsegulepo.

Zithunzi za bambo aja sizinali ndi mbiri yotere, chifukwa makamera onse awiri anali otsika mtengo, osalemba kukula kwa pixel. Mwayi wake kamera yachiwiri inali ikugwirabe ntchito, ndipo yoyamba tinaipeza m'katoni ku sitolo ya labu. Tinabwereka stage micrometer, kagalasi komwe pakati pake analembapo milimita imodzi yogawidwa magawo 100, gawo lililonse ma micron 10. Tinakajambula ndi kamera iliyonse pa mandala aliwonse. Mu Fiji umajambula mzere kuchoka pa kachizindikiro kena kufika pa kena, n'kupita pa Analyze, Set Scale, n'kulemba kutalika kwake kwenikweni. Ntchito ya masana amodzi.

Mnyamatayo poyamba ankafuna kudutsa njira yachidule, kuti selo lofiira likhale rula yathu, popeza m'buku amati ndi pafupifupi ma micron 7 kapena 8. Ndinamukumbutsa amene amabwera kudzayezetsa malungo: ana ochepa magazi omwe maselo awo ndi aang'ono chifukwa chosowa ayironi, amayi oyembekezera, odwala sickle cell. Selo la m'buku ndi la munthu wathanzi, ndipo wathanzi sabwera ku labu.

## Kompyuta yakale ya m'kona

Mbali yovuta inali yolumikiza mabuku akuda aja ndi zithunzi m'njira yoti zisadzasiyanenso. Spreadsheet payokha sindiikhulupirira. Imakopedwa, wina amasintha yake, ndipo pakapita miyezi pamakhala "final" zitatu.

Mnzathu wa ku IT anatiikira OMERO, pulogalamu yosunga zithunzi pamodzi ndi mbiri yake, pa kompyuta yakale yomwe ofesi ina inaitaya. OMERO ndi ya gulu la Open Microscopy Environment, lomwe ntchito yake yaikulu yakhala ikutsogoleredwa ku University of Dundee ku Scotland, ndipo ndi gulu lomwelo losamalira Bio-Formats. Imakhala pa seva ya Linux, n'kumasunga fayilo yoyambirira momwe inachokera ku maikulosikopu, osaisintha. Aliyense mu labu amalowa kudzera pa browser ndi dzina lake. Pa chithunzi chilichonse umamatapo mizere iwiriiwiri, funso ndi yankho: utoto, Giemsa 10 peresenti, madzi, a m'mpopi, kamera, yoyamba. Kenaka ukhoza kufunsa kuti ikupatse zithunzi zonse zopyapyala za madzi a m'mpopi za kamera yachiwiri, ndipo zimabwera. Pali ndi kachida kotchedwa OMERO.figure kokonzera zithunzi za m'lipoti, komwe kamaika kamzere kosonyeza kukula potengera pixel yeniyeni, osati kojambula pamanja mu PowerPoint monga ndaonera m'ma thesis ena.

Ndisakunamizeni kuti kuika OMERO n'kophweka. Popanda munthu wodziwa Linux ndi PostgreSQL simufika patali, ndipo munthuyo ayenera kukhalapobe chaka chamawa. Labu ya anthu atatu mwina ingoyamba ndi mayina abwino a mafayilo ndi disiki ziwiri. Koma ife tinali kale ndi zithunzi zikwizikwi ndi ophunzira obwera n'kupita.

Kutaipa mabuku aja kunatitengera nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Tinkagawana masamba, wina kuwerenga mokweza, wina kulemba. Manambala obwerezabwereza a IMG tinawasiyanitsa ndi masiku. Zithunzi zina sizinapeze mzere wake m'buku, ndipo tinaziika pazokha ndi chizindikiro choti mbiri yake sikudziwika. Sitinazitaye, koma sizilowa m'kuwerengera kulikonse.

Mkangano unabuka pa mayina a odwala. M'mafayilo ena, makamaka aja odutsa pa WhatsApp, dzina la fayilo linali dzina la munthu, nthawi zina ndi komboni yomwe amakhala. Amene anachita zimenezi si bambo aja, iwo ankalemba manambala okha. Wina mu labu anati tisiye, n'zosavuta kufufuza. Koma Zambia ili ndi Data Protection Act ya 2021, ndipo nkhani za umoyo wa munthu zili m'gulu lotetezedwa kwambiri. Ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, ine sindingafune kuti magazi a mayi anga azizungulira pa malaputopu a ophunzira ndi dzina lawo pamwamba. Tinasintha onse kukhala manambala, ndipo pepala lolumikiza nambala ndi dzina lili m'kabati yokiya.

Pambuyo pake ndinawerenga malangizo otchedwa REMBI, omwe akatswiri a zithunzi za maikulosikopu anatulutsa mu 2021, onena zoyenera kulembedwa pa chithunzi chilichonse: chinthu chojambulidwacho, momwe chinakonzedwera, makina ojambulira, ndi momwe chinawerengedwera. Ndinaika tsamba la buku lakuda pambali pake ndipo mitu yambiri inkagwirizana.

## Kuwerenga

Anthu akamva za makompyuta ndi maikulosikopu amathamangira pa kuwerenga, chifukwa ndi pomwe pali kutopa. Amene anakhalapo pa benchi akudziwa. Dontho la mafuta pa silaidi yokhuthala, kaunta m'dzanja lililonse, china cha tizilombo, china cha maselo oyera. Ukafika maselo oyera 200 umaima ngati wapeza tizilombo 100 kapena kuposa. Ngati sitinakwane, umapitiriza mpaka 500. Kenaka tizilombo kuchulukitsa ndi 8,000, kugawa ndi maselo oyera omwe wawerenga, ndiye kuchuluka kwa tizilombo mu microlitre imodzi. Ukachita zimenezi kuyambira m'mawa, pofika madzulo khosi limauma ndipo kadontho kalikonse kamayamba kukunyenga.

Zida zothandiza zilipo zambiri, ndipo pafupifupi zonse ndi zaulere. Ine yomwe inandigwira mtima ndi ilastik, yochokera ku Heidelberg ku Germany, chifukwa simafuna kuti ulembe pulogalamu. Umatenga mbewa n'kupaka mtundu umodzi pa kachilombo, wina pa selo, wina pa zinyalala za utoto, ndipo imayamba kulosera pa chithunzi chonse uli pomwepo. Ikalakwa umapakanso pomwe yalakwapo. Bambo a ku Chilenje atabwera kudzatenga mabuku awo tinawakhazika pa kompyuta. Mbewa inkawavuta, ndiye iwo ankaloza ndi kapu ya bolopeni pa sikirini, mnyamatayo n'kumapaka.

"Ako ndi kachilombo. Ako ayi, ndi platelet yagona pamwamba pa selo, taona kuwala kozungulira m'mbali mwake. Ako ndi fumbi. Ako kandikayikitsa, usakapake."

Mawu omalizawo ndinawakonda. M'zithunzi za ku Bangladesh zija muli magulu awiri okha, lodwala ndi labwino. Pa benchi pali gulu lachitatu, loti uyendetse silaidi pang'ono, usinthe focus, kapena uitane mnzako. Chithunzi chimodzi sichikulola kusintha focus. Tinawonjezera gulu la zokayikitsa, ndipo pulogalamu ikaika selo mmenemo limapita kwa munthu.

Pa ntchito yobwerezabwereza tinagwiritsa CellProfiler, ya ku Broad Institute ku America, yomwe gulu la Anne Carpenter linaifotokoza koyamba mu 2006. Ubwino wake ndi wakuti masitepe onse, kuyambira kukonza kuwala mpaka kuyeza selo, amasungidwa m'fayilo imodzi yomwe ungapatse mnzako kuti abwereze ndendende. Fiji nayo ili ndi macro recorder yolemba chilichonse chomwe wadina. Ndimaumirira ophunzira kuti aiyatse, chifukwa "ndinasintha contrast pang'ono mpaka zinaoneka bwino" si njira yoti munthu wina angaitsatire, ndipo nthawi zambiri zimaoneka bwino pomwe zagwirizana ndi zomwe wophunzirayo amafuna kupeza.

Anzathu a histopathology, omwe amajambula silaidi yonse ya nyama ya m'thupi kukhala fayilo imodzi yokwana gigabyte kapena kuposa, amagwiritsa QuPath, yomwe Pete Bankhead anaiyambira ku Belfast ndipo tsopano ikupangidwira ku Edinburgh. Imeneyo ndangoionera paphewa.

Mnyamatayo anaphunzitsanso pulogalamu yake, ulendo uno ndi zithunzi za B ndi za T zomwe, zonse zitabwezedwa pa muyeso umodzi wa micron. Inasiya misala ija. Pa zithunzi za madzi a m'mpopi imalakwabe kuposa pa zinazo, ndipo iye analemba zimenezo poyera m'thesis yake, gulu lililonse ndi zotsatira zake. Kwa ine tebulo limenelo ndi lomwe lili ndi phindu m'buku lonselo, chifukwa limauza woyang'anira labu kuti ndalama ya mapiritsi a buffer isamadulidwe. Sindinafikebe poti ndingalole pulogalamu iliyonse kulemba zotsatira za wodwala popanda munthu kuyang'ana. Koma kusankhiratu masilaidi oti munthu wachiwiri aonenso, apo ingathandize lero lomwe.

## Malaiti

Kenaka kunabwera mdima wa 2024. Boma linalengeza mu February kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pofika miyezi yotentha malaiti ankabwera maola ochepa okha pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Jenereta ya pamalo pathu inkasungidwira mafiriji ndi makina oyezera odwala, ndipo n'zomveka. Seva yathu ya m'kona inalibe malo pa mndandandawo.

Database, momwe OMERO imasunga mbiri ya zithunzi, sikonda kuzimidwa mwadzidzidzi ili m'kati molemba. Mnzathu wa IT anapeza UPS yakale, kabokosi kosunga magetsi kwa kanthawi kochepa, n'kuisintha batire, n'kuikonza kuti malaiti akathima iuze seva kuti idzitseke yokha bwinobwino. Kwa miyezi ingapo OMERO yathu inkadzuka ndi kugona motsatira ndandanda ya magetsi. Ophunzira anaphunzira kukopera zithunzi zomwe akufuna pa laputopu malaiti akadalipo.

Ena anatilangiza kuti tingoika zonse pa cloud. Langizo lotere limachokera kwa anthu omwe sanagulepo bundle ndi ndalama ya m'thumba mwawo kuti akweze mafayilo a TIFF. Pali ndi funso la komwe zithunzi za odwala a ku Zambia zikukagona. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Tinagula disiki ziwiri. Imodzi imakhala mu labu, ina m'nyumba ina ya pamalo pomwepo, ndipo Lachisanu lililonse timazisinthanitsa. Pamodzi ndi zithunzi timakoperanso database, chifukwa popanda iyo tibwerera ku IMG_0412. Kamodzi pa kanthawi timayesa kubwezeretsa zonse pa kompyuta ina kuti tione ngati zokoperazo zikutseguka.

## Zomwe zili pa tebulo pano

Mnyamatayo akufuna kuti zithunzizi ziikidwe poyera, ku BioImage Archive ya EMBL-EBI ku England, komwe amasunga zithunzi za kafukufuku mwaulere. Mfundo yake ndi yomveka. Wophunzira wotsatira wa ku Chipata, ku Lilongwe kapena ku Tete asadzayambirenso pa magazi a ku Bangladesh okha, adzapeze masilaidi opakidwa momwe timapakira kuno, ndi madzi athu, ndi fumbi lathu. Ine ndikugwirizana naye.

Koma odwala aja anapereka magazi kuti ayezedwe malungo, sanapereke kuti zithunzi zake zikakhale pa seva ya kunja. Mayina tinachotsa, komabe chilolezo si cha ife kudzipatsa tokha. Talemba kalata ku komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, ndipo ikavomera nkhaniyi iyenera kupitanso ku National Health Research Authority. Tikuyembekezera yankho.

Nkhani ina ndi ya mayina a eni ntchito. Pa fomu yoyamba yomwe mnyamatayo anakonza panali dzina lake, la supervisor wake, la mnzathu wa IT ndi langa. Bambo a ku Chilenje anawaika m'munsi, pa mzere wa zothokoza. Ndinamubwezera fomuyo. Amene anapaka masilaidiwo, kuwajambula, kuwawerenga, kulemba mbiri yake ndi kuloza tizilombo pa sikirini ndi iwowo. Supervisor anavomera mosavuta. Chomwe chatsala ndi chakuti fomu imafuna imelo ya munthu aliyense, ndipo bambowo alibe. Mdzukulu wawo walonjeza kuti awatsegulira Loweruka likubwerali.